Maenje Anayi ndi Khonde la Nomsa

Nomsa anadumpha pa njinga yamoto isanaime bwinobwino, mpaka wakabaza anachita kukuwa kuti, "Achemwali, muthyoka miyendo!" Iye sanamve n'komwe. Maso ake anali pa nyumba ija.

Koma abale inu, nyumba inakongola! Miyezi inayi yapitayo linali bwinja lenileni, malata adzimbiri, zipupa zong'aluka, pansi pozira ndi dothi, mbuzi za pa Mayani zikugonamo ngati zinalipira lendi. Lero inali mbee, mawindo abuluu, ndi khonde latsopano lofiira psuu, lopukutidwa mpaka munthu n'kudzionerapo nkhope. Zaka zisanu ndi ziwiri zogulitsa mbatatesi m'mbali mwa msewu, chisanu cha ku Dedza chikumulowa m'mafupa, zonsezo anazithira m'nyumba imeneyi. Anzake ankamuseka. Ati mkazi wosakwatiwa kugula bwinja n'kumati wayamba bizinesi? Iye ankangoti muona. Ugule yakutha, uikonze, uigulitse, ugule ina. Ndipo mawa lomweli, Lolemba m'mawa, a Habib a sitolo ya nsalu ku boma anali kubwera ndi akazi awo kudzaiona komaliza kuti asainirane.

Anatsegula chitseko akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi kumene ankachokera. Nyimboyo inathera pakhosi.

Pangodya ya pabalaza panali dzenje. Simenti yatsopano ija, yomwe iye mwini ankaithirira madzi m'mawa uliwonse, inali itaphwanyidwa, ndipo dzenjelo linali lakuya kufika m'chigongono. Anathamangira kuchipinda chachikulu, dzenje. Kuchipinda chaching'ono, dzenje. Kosungira katundu, dzenje. Ngodya zonse zinayi za nyumba.

"Mayo ine! Andipha!"

Anakhala pansi kwathithi, nalira ndithu, kulira kwa ukali. Koma munthu amene wakhala zaka akulimbana ndi mavenda salira nthawi yaitali. Anapukuta misozi ndi chitenje n'kuyamba kuyang'ana bwino. Zitini ziwiri za penti zinali pomwe anazisiya dzulo madzulo. Matumba a simenti analipo, wilibala inalipo. Mawindo onse otseka, loko wosathyoka. Wakuba wamtundu wanji wosiya simenti n'kuba dothi? China chinamudabwitsa kwambiri: zidutswa za simenti sizinali mbwee ayi. Zinali zophwanyidwa mofanana, zounjikidwa bwino pambali pa dzenje lililonse, ndipo pozungulira panali posesa.

Polisi siinali patali. Koma wapolisi akangolowa pakhomopa, msika wonse ulowa pambuyo pake, ndipo dzuwa lisanalowe a Habib amva kuti nyumba ija ili ndi zinthu. Nyumba ikangomveka mbiri yotere, ngakhale uipake penti wagolide, imasanduka ya mbuzi. Ayi, nkhaniyi anayenera kuimaliza yekha, ndiponso lero lomwe.

Kiyi wina wa chitseko chakumaso anali ndi munthu mmodzi yekha.

*

Kalisto, mmisiri amene anakonza nyumbayo, Nomsa anamupeza pa bawo kuseri kwa chigayo. Anamukoka malaya njomba zili m'manja.

"Ine? Ine Kalisto?" anatero atafika pabalaza paja, akudziguguda pachifuwa. "Abwana, ine ndamanga nyumba zosanja ku Joni, azungu akundiombera m'manja! Ndiphwanye ntchito ya manja anga? Dzulo masana ndinakwera lole kupita ku Lobi ku chinkhoswe cha mphwanga, ndagona konko, ndatsika pano anthu akutuluka m'tchalitchi. Funsani dalaivala, funsani anthu makumi atatu amene tinapanikizana nawo. Kiyi nayu, sanachoke m'thumba."

"Nanga wakumba ndani?"

Kalisto anagwada n'kutola kachidutswa, nakatembenuza ngati akugula tomato. "Uyu si mmisiri. Mmisiri amadula ndi tchizulo, mzere woongoka. Uyu wagogoda ndi kanyundo kakang'ono, pang'onopang'ono, koma dzanja lake ndi lozolowera. Ndipo taonani, sanafufuze. Wofuna chuma akanang'amba pansi ponsepa. Uyu wangofika pangodya, go, basi. Amadziwa pamene ankapita."

"Walowera pati?"

"Chitseko chakumbuyo munasintha loko?"

Nomsa anadziluma mlomo. Chitseko chakumbuyo chinali cha mlombwa, chakale koma chokongola, ndipo iye anakana kuchichotsa. Anachisiya ndi loko wake yemwe, poti makiyi awiri amene anamupatsa pogula nyumbayo onse anali kwa iye. Kuyamba kumapweteka, anthuni.

Kalisto anapisa mkono m'dzenje mpaka m'phewa. Mwadzidzidzi anautulutsa ngati wagwira njoka. Kudzitama konse kuja kunathera pomwepo.

"Pansipa pali kaboo kowongoka, kolowa chala. Pazulidwa chinthu chimene chinakhomedwa." Anatsitsa mawu. "Abwana, izi ndi zikhomo. Nyumbayi inali yotsirika."

"Iwe, tseka pakamwa! Ukangoyankhula kubawo ndikusenda ngati mbatatesi. Kanda simenti, tseka maenjewa, upake polishi."

"Lamulungu?"

"Unali ku chinkhoswe, sunali ku tchalitchi. Kanda!"

*

Kutsidya kwa msewu kunali okala ya Hadija, mayi amene ntchentche siidutsa pa Mayani iye osaifunsa kumene ikupita.

"Asisi, ine za eni sindilowerera, Mulungu ndi mboni," anayamba Hadija, akupima shuga. "Koma kugogoda ndinakumva. Belu lanu lachiwiri litangolira, go, go, go. Kuleka. Go, go, go. Ndinati Kalisto uja wasanduka Msilamu kodi, kugwira ntchito Lamulungu? Kwasiya nthawi imene mumaimba nyimbo yotulukira ija. Kumaso kuno sikunadutse munthu, ndikanamuona, ine maso anga ndi a mphamba. Ameneyo wadzera m'chimanga cha kumbuyo."

"Za ogula nyumbayi munauzako ndani?"

"Ine? Palibe! Kupatula mlamu wanga. Ndi azimayi a pa mjigo. Ndi uja wometa. Nanga ndi zobisa? Anthu akukondwa, asisi! A Habib ndi anthu aulemu, ndipo akazi awo a Amina ndi oyembekezera, mimba yoyamba patatha zaka zisanu ndi chimodzi akudikira. Lachisanu ndimawauza amayi a kwa akatekisiti, eni nyumba akale aja, anachita kudzidzimuka mpaka kuiwala mchere umene anagula. Uwu uli apawu. Ukalamba, asisi, ukalamba!"

Nomsa sanaumve bwino za mcherewo. Mawu akuti eni nyumba akale ndi amene anamulowa m'mutu. Wodziwa pamene chikhomo chinakhomedwa ndi amene anachikhoma. Ndipo nyumbayi anamanga ndani, n'kukhalamo zaka makumi atatu? A Anselmo, akatekisiti, amene anamugulitsa bwinjalo atasamukira kuseri kwa phiri.

 Ha! Akatekisiti ndi zikhomo! Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Anakwinya chitenje n'kuuyatsa ulendo.

*

A Anselmo anawapeza pampando wa ndalema, magalasi pamphuno, akuwerenga. Anamvetsera nkhani yonse osaphethira, kenaka anatseka buku mwapang'onopang'ono.

"Mwana wanga," anatero, mawu aliwonse akutuluka paokhapaokha ngati akuwerengera ana a katekisimu, "m'nyumba imene ija munalowa madzi odalitsa okha. Ine ndi za mdima tinasiyana pa ubatizo. Tsono ukuti kugogodako kunamveka nthawi yanji?"

"Kuyambira belu lachiwiri."

"Nthawi imeneyo ine ndinali kuti?"

 Manyazi anamugwira Nomsa mpaka m'makutu. Bambo mfumu sanabwere lero, ndiye anatsogolera mapemphero ndi a Anselmo omwewa, ndipo iye mwini anakhala pa benchi yachitatu akuwodzera mu ulaliki wawo wautali. Mboni ya akatekisiti inali Nomsa yemwe.

"Pepani, bambo. Mutu wasokonezeka. Koma makiyi a chitseko chakumbuyo analipo angati?"

"Atatu. Awiri ndinakupatsa. Wachitatu anali wa mayi a kunyumba kuno, anataya kalekale."

"Amayiwo ali kuti? Sindinawaone kutchalitchi."

"A Magadalena adzuka ndi mutu. Panopa akuti akapitidwe mphepo kuthanthwe kumene amaswera miyala yawo."

"Miyala?"

A Anselmo analoza ndi buku. Kumapeto kwa bwalo kunali milu ya miyala ya kwale yodikira ogula, mwala uliwonse wofanana ndi unzake, mulu uliwonse wounjikidwa bwino. Pozungulira milu yonseyo panali posesa.

Nomsa anakumbukira zidutswa zija zounjikidwa pambali pa maenje. Nkhani ya mchere woiwalika ija tsopano anaimva bwinobwino.

*

Anawapeza atakhala pathanthwe, atafunda chitenje, dengu lili pambali. Anali mayi wochepa thupi, koma manja awo anali ngati a mwamuna wosula makasu. Atamuona Nomsa sanathawe, sanadabwenso.

"Ndimadziwa kuti ubwera," anatero. "Khala pansi, mwanawe."

"Sindikhala! Amayi, ndinakulakwirani chiyani? Zaka zanga zonse zili m'nyumba ija!"

A Magadalena anapisa dzanja m'khosi n'kutulutsa chingwe. Pamodzi ndi kolona panalendewera kiyi wakuda ndi dzimbiri. Kenaka anavundukula dengu. Munali nyundo, katsache, ndi timitengo tinayi tosongoka, takuda bii, tokulunga m'nsanza zowola.

"M'nyumba imene ija ndinaika ana atatu m'manda," anatero motsitsa. "Woyamba wa miyezi iwiri. Wachiwiri sanafike ndi pa ubatizo. Wachitatu anali atayamba kukwawa. Abambo ako aja atapita ku maphunziro a ukatekisiti, amayi anga anabwera ndi munthu wa kutsidya kwa malire. Anakhoma izi. Pambuyo pake ndinabereka ana anayi, onse ali moyo, ena ali ndi ana awo. Kaya ndi izi, kaya ndi Mulungu, ine sindidziwa. Abambo ako sadziwa kanthu mpaka lero."

"Ndiye mukanazisiya komweko!"

"Munthu uja anati, nyumbayi ikamadzapita kwa ena mudzazule zonse. Zimadziwa magazi a mwini nyumba okha. Mwana wa mlendo akadzabadwiramo, zidzamuyesa mdani. Nyumba inagulitsidwa ine ndili ku Mphunzi kudwazika mchemwali wanga. Pobwera ndinapeza wathira simenti. Ndinati poti mwanayu alibe banja, ndidzapeza mpata. Lachisanu ndi pamene ndinamva za mkazi wa ogulawo."

"Chabwino, mwazula. Kalisto akutseka maenje. Ine sindikupita ku polisi, sindiuzanso bambo. Nkhani yatha."

Mayi aja anagwira mwendo wa Nomsa ndi manja awiri.

"Zinali zisanu."

"Chiyani?"

"Chachisanu chili kunja, pakhomo polowera. Pamene wamanga khonde."

Nomsa anaseka, kuseka kowawa. Khonde! A Habib tsiku loyamba lija sanayang'ane denga, sanayang'ane zipinda, anangoima pakhonde lija n'kunena kuti apa ndiye pomwera tiyi. Maenje a m'ngodya ukhoza kuwatseka n'kuikapo mpando. Koma bala la pakati pa khonde, pakhomo penipeni, ungalibise ndi chiyani?

"Ine zimenezo sindizikhulupirira," anatero.

"Inenso ndimayesetsa kusazikhulupirira, mwanawe. Zaka makumi atatu ndikuyesetsa. Koma sunaikepo mwana m'manda."

"Ayi. Khonde langa simuligwira. Ndipatseni kiyiyo."

Analanda kiyiyo n'kutsika phiri osacheuka, mayi aja akumuitana dzina.

*

Kunacha ndi nkhungu, ija yobisa ndi phiri lomwe. Kalisto anali atagwira ntchito yooneka, maenje onse otsekeka, polishi waliwali. Nomsa anaima pakhonde atavala diresi yake ya pa zikondwerero, mapepala ali m'chikwama. Zonse zinali m'malo. Kungokhala chete maola awiri basi, nyumba yapita, ndipo bwinja lachiwiri anali ataliona kale ku Lobi.

Koma maso ankangobwerera pansi, pakhomo polowera. Kamtengo chabe, kowola. Kangachite chiyani? Palibe. Nanga mwanayo akadzabadwa, n'kudzangotentha thupi, malungo wamba awa a mwana aliyense? Nanga zikadzavuta? Iye adzamva uthengawo ali kuti, ndipo adzaumeza bwanji? Zaka zisanu ndi chimodzi mkazi wa mwini akudikira!

Atatukula mutu anaona a Magadalena ataima m'mphepete mwa chimanga, dengu pamutu, osayandikira, osayankhula. Kaya anafika nthawi yanji.

"Aaa, zandikwana!" anakuwa Nomsa. "Bweretsani nyundoyo!"

Anamenya yekha koyamba. Go! Mng'alu unathamanga pa simenti yofiira ija, ndipo Kalisto anagwira kumutu.

"Abwana! Khonde langa! Mwapenga kodi?"

"Ndapenga, inde! Tenga fosholo!"

A Magadalena analandira nyundo n'kugwada. Apa ndiye panaoneka mwini ntchito. Go, go, go, zidutswa zikungodzipatukira zokha. Nomsa ankakokola ndi manja, diresi ya pa zikondwerero ili fumbi lokhalokha. Kutsidya kwa msewu Hadija anatuluka mu okala sikelo ili m'manja, pakamwa pali yasa. A Magadalena anadutsa simenti, anadutsa njerwa, anafika pa dothi lakale.

Ndi pamene galimoto yoyera inatulukira m'nkhungu n'kuima pamaso pawo penipeni.

A Habib anatsika atavala mkanjo wotuwa, makiyi akulira m'dzanja. Anayang'ana dzenje, anayang'ana Nomsa, anayang'ananso dzenje.

"Ichi n'chiyani? Tinapangana kuti nyumba yatha."

"Ndi paipi, bwana!" analumphira Kalisto. "Paipi ya madzi yaphulika. Zazing'ono!"

"Nyumba ino ili ndi mpopi? Munandiuza kuti madzi ndi a pa mjigo."

Kalisto anayang'ana kumwamba ngati yankho lili pa malata. Nomsa anaimirira napukuta manja m'diresi. Bodza lina linali pafupi, la chiswe, ndipo likanagwira. Koma kumbuyo kwa a Habib kunali kutatsika mayi wovala mpango wobiriwira, dzanja limodzi pamsana, akuyenda mwapang'onopang'ono.

"Si paipi, bambo," anatero Nomsa. "Nyumbayi inatsirikidwa kalekale, ine ndisanaigule. Ndazidziwa dzulo. Zinayi zachotsedwa, chatsala chimodzi apa. Akuti si chabwino kwa mwana wobadwira muno. Ine sindikudziwa ngati n'zoona. Koma sindikanatha kukupatsani makiyi chili pansi."

Nkhope ya a Habib inauma gwa.

"Nyumba ya mankhwala? Ine ndilowetse mkazi wanga m'nyumba ya mankhwala? Amina, tiye. Nyumba n'zambiri."

Basi. Nomsa anaona zaka zake zisanu ndi ziwiri zikutembenuka kupita ku galimoto. Hadija anali kale pa foni. Pofika masana Mayani yense adzakhala atamva, ndipo mbuzi zidzabwerera kwawo. Misozi inadzadza m'maso, koma anailetsa.

Amina sanasunthe. Ankayang'ana mayi wachikulire amene anali chigwadire, mkono wonse uli m'dzenje, osalabadira za galimoto kapena za mkanjo.

"Amayi," anafunsa, "munakhoma ndinu?"

"Ndine, mwanawe."

"Chifukwa chiyani?"

"Ana ankangofa."

"Angati?"

"Atatu."

 A Magadalena anakukuta mano, nakoka, nakokanso. Chinatuluka, chakuda, chachitali ngati chikhatho. Anachiponya m'dengu n'kuvundikira, kenaka anakhala pansi n'kuyamba kulira mosatulutsa mawu, mapewa okha akugwedezeka.

"Amina, ndati tiye!"

Mkaziyo anakwera sitepe, navula nsapato, n'kukhala pa mbali ya khonde imene inatsala yosaphwanyika.

"Bambo, nyumba taona zisanu ndi imodzi," anatero mosakweza mawu. "Zonse zopaka penti, eni ake akumwetulira. Alipo amene anatiuza zimene zili pansi pake? Uyu waswa khonde lake ndi manja ake chifukwa cha mwana wanga, mwana amene sanamuone n'komwe. Ine ndikachira, ndidzatulukira pakhomo pano."

A Habib anaima chitseko cha galimoto chili chotsegula. Makiyi analira m'dzanja, analiranso. Anayang'ana mkazi wawo nthawi yaitali, napumira m'mwamba ngati munthu amene wagonja pa mtengo wa nsalu. Anamenyetsa chitseko n'kubwerera.

"Iwe wa paipi," anatero akuloza Kalisto, "simenti imeneyi ukaithira lero, iuma masiku angati?"

"Atatu, bwana! Ine Kalisto, ku Joni ankanditcha..."

"Ndakufunsa za masiku, sindinakufunse za ku Joni. Mayi Nomsa, mapepala aja muli nawo?"

 Nomsa anakhala pa mulu wa zidutswa uja, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Anatsegula chikwama ndi manja afumbi n'kutulutsa mapepalawo.